Zida zogona m'bokosi: tiyambe tafunsa tisanagule



M'midzi yathu ino ya m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, kuno ku Makokola ndi madooko oyandikana nafe, mmisiri wa matabwa sasowa. Ndiye amatikhomera boti likayamba kuchucha, amatisemera nkhafi ndi mipini ya makasu, amatipangira zitseko, mabedi ndi mabenchi a ku madrasa. Ambiri mwa amisiriwa ndi asodzi kapena alimi omwewo, umisiri amauchita nyanja ikavuta kapena akamaliza kukolola.

Masiku ano mukalowa m'mashedi awo, kapena kusuzumira kunsi kwa bedi m'nyumba zambiri, mupeza zida zina zili phee m'makatoni momwe zinabwerera: dirilo ya batire, galayinda, puleni ya magetsi, bokosi la masipanala ambirimbiri, pena ngakhale makina aja ozunguza mtengo posema miyendo ya matebulo ndi mabedi, omwe amawatcha lathe. Zina zinagwira ntchito sabata imodzi basi. Zina pulasitiki yake sinachotsedwe n'komwe. Komatu zonsezi zinadya ndalama zomwe zikanagula matabwa, ukonde kapena thumba la feteleza. Lero tikufuna tione chomwe chimagonetsa zida zoterezi, kuti pogula tizigula zomwe zidzatibwezere ndalama yathu.

Zimabwera bwanji?

Njira yoyamba tonse tikuidziwa. Boma lathu la Mangochi lili ndi ana ambiri ku Joni. Mnyamata akamabwerera kumudzi safuna kufika chimanjamanja, ndipo akaganiza za bambo ake kapena amalume ake omwe ndi mmisiri, amalowa m'sitolo ya zida ku Johannesburg kapena ku Durban n'kusankha chomwe chamukopa maso. Mtima wake ndi wabwino ndithu. Vuto ndi loti amasankha ali kutali, osafunsa kuti kumudziko ntchito yomwe ikupezeka ndi yotani.

Njira yachiwiri ndi foni. Pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp pamayenda mavidiyo a amisiri akunja akusema mbale yosalala m'kanthawi kochepa. Chomwe vidiyo sikuonetsa ndi choti munthuyo ali ndi magetsi osazima, mtengo wake unauma bwino, ndipo sitolo ya masipeya ili pafupi ndi kwawo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira yachitatu ndi ndalama yobwera nthawi imodzi. Usipa ukaphedwa wambiri kapena tikagulitsa mbewu, m'thumba mumatentha, ndipo wogulitsa amadziwa ponyengerera: "Tengani seti yonse bwana, ndiye yotchipa." Seti ija ikafika kunyumba, zogwira ntchito zimakhala ziwiri kapena zitatu, zotsalazo zimangodzaza bokosi.

Magetsi ndiye nkhani yaikulu

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'dziko muno nyumba pafupifupi 11 zokha pa nyumba 100 zilizonse ndi zomwe zimawunikira magetsi, ndipo zambiri mwa izo ndi za m'tauni. Kuno nthambo za ESCOM zimadutsa m'mbali mwa msewu ndi ku malo ogona alendo, koma ntchito ya boti imachitikira pamchenga, pa dooko, pomwe palibe soketi. Ngakhale omwe ali ndi magetsi akukumbukira zomwe zinachitika namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022. Mamegawati pafupifupi 130 anachoka, ndipo kuzima kwa magetsi kunavuta mpaka mu 2023. Mmisiri amene ankadalira makina okhaokha ankangokhala, pomwe mnzake wa puleni yamanja ankagwira ntchito.

Ena amati, "Tili ndi sola." Sola ya panyumba, ija yowunikira ndi kutchaja mafoni, siyingayendetse makina a matabwa. Mota ya makina ikamadzuka imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa yomwe imadya ikamayenda, ndiye inivheta yaing'ono imangolira n'kuzima, penanso imapsa. Jenereta imatha kuyendetsa, koma pamenepo muwerengere petulo, yemwe nthawi zina amasowa n'kusowa pa mafilingi. Bedi limodzi likadya malita angapo a petulo, phindu lake lapita.

Palinso kanthu kena kakang'ono komwe kamagonetsa zida zambiri zochokera ku Joni. Mphamvu ya magetsi a kumeneko ndi yofanana ndi yathu, koma mapulagi awo ndi a mano atatu obulungira pomwe athu ndi a mano atatu a makona. Ena posafuna kugula pulagi ina amadula nthambo n'kumazisomeka m'soketi ndi timitengo. Abale, izi n'zimene zimaotcha makina ndi nyumba zomwe. Pulagi yoyenera ndi yotsika mtengo kuposa denga.

Mabatire, mano ndi masipeya

Dirilo ya batire imaoneka ngati yankho kwa munthu wa pa dooko, ndipo kwa amene amaboola tsiku ndi tsiku imathandizadi. Koma moyo wake uli m'batire. Batire la mtundu umenewu likasiyidwa lopanda moto kwa miyezi, makamaka m'nyumba yamalata m'nyengo yotentha ya October, limafooka mpaka kukana kutchajika. Ndipo mabatirewa sasinthana: la Makita silingalowe pa Bosch, la Bosch silingalowe pa Ryobi. Batire likafa, dirilo yabwinobwino imasanduka chitsulo chabe kufikira wina atabwera nalo lina kuchokera kunja.

Puleni ya magetsi nayo ili ndi mdani wake kuno kunyanja, mchenga. Thabwa lomwe lagona pagombe limakhala ndi mchenga m'timing'alu take, ndipo thabwa lochotsa pa boti lakale limabisa misomali. Mpeni wa puleni yamanja ukabuntha, mmisiri amaunola pa mwala n'kupitiriza. Mipeni ya puleni ya magetsi ikagumuka imafuna kugula ina, ndipo kawirikawiri muyenera kukaisaka ku Limbe kapena ku Lilongwe. Kuchokera pomwe ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, masipeya omwe.

Za masipanala ndiye zosavuta kumvetsa. Injini zambiri za maboti athu ndi za ku Japan, monga Yamaha, ndipo mabauti ake ambiri amamasuka ndi sipanala ya 10, ya 12 ndi ya 14, kuphatikizapo yomasulira pulagi. Masipanala anayi olimba amenewa amaposa bokosi lodzaza ndi masipanala ofewa omwe amabulungiza mitu ya mabauti. Maseti ena amabweranso ndi masaizi a mainchesi omwe sagwira bauti iliyonse pa injini zathu.

Nanga makina a lathe?

Makinawa amagwira thabwa mbali zonse ziwiri n'kumalizunguza, mmisiri n'kumalisema ndi tchizulo mpaka litabulungira. Ndi abwino pa miyendo ya matebulo, mabedi ndi mipando, komanso mbale ndi zoikamo makandulo zomwe alendo amagula ku Chembe ndi m'malo ena ogulitsira ziboliboli. Koma kuti abweze ndalama pamafunika zinthu zinayi pamodzi: magetsi odalirika, matabwa ouma, matchizulo ake akeake akuthwa nthawi zonse, ndi maoda obwera sabata ndi sabata. Mtengo wauwisi ukasemedwa umadzang'aluka pouma, kasitomala n'kubweza katundu. Komanso makinawa si osewera nawo. Thabwa losamangidwa bwino limafwamphuka n'kumenya kumaso, ndipo mkanjo kapena malaya a manja aatali akhoza kukodwa n'kukokera dzanja m'makina.

Tiyerekeze chabe kuti munthu wagula makinawa pa K600,000, koma pa chaka amalandira maoda a mabedi asanu okha ofuna miyendo yobulungira. Ngakhale atamaonjezera K10,000 pa bedi lililonse chifukwa cha miyendoyo, pa chaka apeza K50,000, ndipo padzatha zaka 12 asanabweze ndalama yake, osawerengera magetsi ndi zokonzetsa. Kutenga miyendo ija kupita nayo kwa mmisiri wa pa boma yemwe ali kale ndi makina, n'kumulipira, kumatuluka kotchipa kwambiri. Mitengoyi taika yongoyerekeza, koma kawerengedwe kake ndi komweko pa chida chilichonse. Ikanipo mitengo ya lero, muone nokha.

Zomwe zimagwiradi ntchito

Taonani mmisiri amene wakhala akukhoma maboti zaka zambiri. Zida zake zimakwana m'thumba limodzi: sowo, nyundo, puleni yamanja, matchizulo awiri kapena atatu, chiboolero chamanja, tepi, sikweya, tupa ndi mwala wonolera. Wosema bwato ndiye amangofuna nkhwangwa, nsompho ndi kasemasema. Zida zimenezi sizidikira ESCOM, zimanoledwa pompo, ndipo mpini ukathyoka amasema wina tsiku lomwelo.

Chomwe chimasowa kawirikawiri pa ntchito ya boti ndi matabwa abwino, misomali yosachita dzimbiri msanga, phula ndi utoto. Mlombwa ndi mbawa zikusowa ndipo zakwera mtengo, mkungudza wa ku Mulanje womwe kale unkakhomera maboti ndi wotetezedwa tsopano poti unatsala pang'ono kutheratu. Choncho mmisiri amene ndalama yake yonse yapita ku makina amapezeka kuti oda yabwera koma alibe pogulira matabwa. Amayamba kupempha kasitomala kuti alipiriretu, kapena kulowa m'ngongole ya katapila, yomwe tonse tikudziwa kuti chipembedzo chathu chimaletsa ndipo imasaukitsa mabanja.

Sitikunena kuti makina ndi oipa ayi. Mmisiri wa pa tireding'i senta yemwe ali ndi magetsi komanso maoda a zitseko ndi mafelemu tsiku lililonse, puleni ya magetsi imamupulumutsira maola ambiri. Wowotcherera zitsulo sangagwire ntchito popanda galayinda. Chida chomwecho chimadyetsa banja lina, kwina n'kumangogona. Kusiyana kwake kuli pa ntchito yomwe ilipo pakhomopo.

Mafunso oti tidzifunse

Tisanatulutse ndalama, kapena tisanamutume mwana wathu ku Joni, tiyeni tiyankhe izi moona mtima. Kodi mwezi wathawu ndi kangati pomwe ntchito inaima chifukwa chosowa chida chimenechi? Ngati ndi kamodzi kapena sizinachitike n'komwe, kubwereka kapena kulipira wina n'kokwanira. Kodi tidzachiyendetsa ndi chiyani, ndipo mphamvuyo ilipo pamalo pomwe timagwirira ntchito? Chikaonongeka, sipeya yake ikupezeka pa Mangochi kapena ku Monkey Bay, nanga wokonza alipo? Kodi tikudziwa kuchigwiritsa ntchito, kapena pali woti atiphunzitse? Amene akufuna kuzama pa umisiri angafunse za maphunziro a TEVETA, ndipo pa nkhani za maboti ndi injini alangizi a zausodzi komanso a ku koleji ya zausodzi ku Mpwepwe ali pafupi nafe. Luso likhale patsogolo, makina azibwera pambuyo.

Kwa inu ana athu amene muli kunja: imbani kaye foni. Afunseni bambo kapena amalume kuti chikuwavuta n'chiyani pa ntchito. Mwina adzakuuzani kuti akufuna sowo wabwino mmodzi, mipeni ya puleni, kapena ndalama ya matabwa khumi. Mphatso yotere singaoneke yaikulu potsitsa katundu pa basi, koma idzagwira ntchito mawa lomwe. Ndipo ife makolo tisachite manyazi kunena chomwe tikufunadi.

Zomwe zilipo kale tizitani nazo?

Chida chogona chimatha chokha. Chinyezi cha kunyanja chimabweretsa dzimbiri, mabatire amafa, makoswe amadya nthambo. Ndiye ngati papita chaka chathunthu osachigwira, pali njira zitatu. Yoyamba ndi kugulitsa chikadali chabwino, ndalamayo ipite ku matabwa, ukonde kapena mbewu. Yachiwiri ndi kusinthana ndi mmisiri amene ali ndi magetsi, iye akupatseni zida zamanja kapena akugwirireni ntchito. Yachitatu ndi kuika pamodzi. Amisiri a dooko limodzi atha kugwirizana kuti dirilo imodzi kapena jenereta imodzi izikhala kwa munthu wokhulupirika, wobwereka azilembedwa m'kope ndipo azisonkha kangachepe kokonzetsera. Popanda kope ndi lamulo loti woononga akonzetse, mgwirizano wotere suchedwa kutha ndi mikangano.

Masheikh athu amatikumbutsa kawirikawiri za israaf, kuononga chuma pa zinthu zopanda ntchito. Amatiphunzitsanso kuti pomasulira Surah Al-Ma'un, maswahaba ena monga Ibn Mas'ud ananena kuti mawuwo akukamba za ziwiya zomwe anthu amabwerekana tsiku ndi tsiku, monga nkhwangwa, mphika ndi ndowa. Choncho chida chomwe chikuchita dzimbiri kunsi kwa bedi pomwe mnansi akuchisowa chikutiluzitsa pawiri. Wobwerekanso akumbukire kuti chomwe wapatsidwa ndi amana, achibweze pa nthawi yake, chili chotsuka komanso chonola.

Zomwe tasankha kusunga tizisamale. Tizipukute ndi kansalu ka oyilo tikamaliza ntchito, tizipachike pamwamba osati pansi pa dothi, ndipo batire tizilitchajako mwezi ndi mwezi n'kulisunga pamthunzi.

Nyengo yotseka nyanja ikamayamba pa 1 November, maboti ambiri amakokeredwa kumtunda kuti akonzedwe, ndipo ntchito ya amisiri imachuluka. Imeneyo ndi nthawi yabwino yotulutsa zida zonse pamkeka. Zomwe zagwira ntchito pa maboti chaka chino ziikeni mbali imodzi, zomwe sizinakhudzidwe mbali ina, kenaka mukhale pansi ndi banja lanu mugwirizane zochita nazo mvula isanagwe, feteleza akadafunika. Allah adalitse ntchito za manja athu.