"Chisankhiro" Osati "Chizindikiro"

Alimi a manachesi ku Mwanza amadziŵa kumezanitsa, koma tisabwereke mawuwa pofotokoza ntchito yoloŵetsa jini m'selo. Pomezanitsa, chibadwa cha mtengo sichisintha.

Jini yatsopano imaloŵa m'maselo oŵerengeka okha. Pofuna kuwapeza, akatswiri amaiphatikiza ndi jini ina ya bakiteriya yotchedwa manA, kenaka maselo onse amawapatsa shuga wa mannose m'malo mwa mankhwala akupha. Selo limene lalandira jiniyo limagaya shugayu ndi kukula. Linzake limapinimbira ndi njala. Njirayi inatheka pa malalanje ku Brazil m'chaka cha 2003.

Ena jini ya mtunduwu amaitcha "chizindikiro". Ife tikuona kuti mawu oyenera ndi "chisankhiro", pakuti chizindikiro chimangoonetsa, pamene manA imapatula maselo ofunikawo pakati pa anzawo.