Tiphunzire Chingerezi: Mneni Wakuti "Remember"

 Lero tikambirana za mneni mmodzi wa Chingerezi amene amapunthwitsa anthu ambiri, ngakhale ophunzira bwino omwe. Mneniyu ndi "remember", ndiye kuti kukumbukira.

Tiyerekeze kuti m'sitolo mwabedwa usiku, ndipo m'mawa mwake wapolisi akufunsa kalaliki m'Chingerezi ngati anakhoma chitseko poweruka. Kalalikiyo akayankha kuti, "I did not remember to lock the door," ndiye kuti wavomera yekha kulakwa: anaiwala, chitsekocho sanakhome. Koma akati, "I do not remember locking the door," sanavomere kanthu. Mwina anakhoma, mwina ayi, kungoti za dzulozo zamuchoka m'mutu. Mwaonatu kuti munthu angathe kuchotsedwa ntchito chifukwa cha kusiyana kwakung'ono kotere.

Lamulo lake nali. Pamene "remember" atsatiridwa ndi "to", kukumbukira ndiko kumayamba, ntchito ibwera pambuyo. Mayi potuma mwana kumsika anganene kuti, "Remember to buy salt," mcherewo usanagulidwe. Koma pamene atsatiridwa ndi mneni wothera ndi "-ing", ntchito inachitika kale, ndipo munthu akungoyang'ana m'mbuyo. "I remember buying salt" atanthauza kuti ndinagula mchere, ndipo ndikukumbukira kuti ndinatero.

Msampha wachiwiri umachokera m'chinenero chathu chomwe. Ife timati kumbuka, ndipo tikafuna kuthandiza wina kuti asaiwale, timangosintha mathero a mneniyo n'kunena kuti kumbutsa. Chingerezi sichitero ayi. Chili ndi mneni wina wapadera, wakuti "remind". Tsono n'kulakwa kunena kuti, "Remember me to buy salt." Choyenera ndi chakuti, "Remind me to buy salt," ndiko kuti mundikumbutse kugula mchere.

Komabe alipo malo amodzi pamene "remember me to" amaloledwa, makamaka potsiriza kalata kapena potsanzikana. Mnzanu akalemba kuti, "Remember me to your mother," sakutanthauza kuti mayi anuwo anamuiwala. Akungoti, mukandiperekere moni kwa mayi.

Inu ana a sukulu amene mukukonzekera mayeso a MSCE, mukudziwa kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi, ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse. Choncho usiku uno musanagone, lembani ziganizo zitatu m'kope mwanu: chimodzi cha "remember to", china cha "remember" ndi mneni wothera ndi "-ing", chinanso cha "remind". Mawa mukaonetse aphunzitsi anu kuti akuchongereni.

Zathu zathera pamenepa. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Tsalani bwino.