Kucokera ku Lilanda Kufika ku Roma: Ndi Maola Angati?

Mwana wa m'banja akatumidwa ku Roma kukaphunzira za unsembe kapena za usisteri, makolo amayamba ndi funso limodzi: "Kodi ndi kutali bwanji?" Sitikunena za Roma wathu uyu woyandikana ndi Ng'ombe, koma mzinda wa Apapa m'dziko la Italy.

Kucokera ku Lusaka kufika ku Roma pali makilomita pafupifupi 6,500. Ndege yaikulu imauluka makilomita oposa 800 pa ola limodzi, kotero itapita osatera paliponse ingafike m'maola asanu ndi atatu. Taganizani, abale! Ndiyo nthawi imene basi imatenga kukafika ku Chipata, mtunda wosakwana makilomita 600.

Kale zinalidi conco. Kampani ya Zambia Airways, imene inakula mothandizidwa ndi Alitalia ya ku Italy kuyambira mu 1967, inali kunyamula anthu kupita ku Roma, ku Frankfurt ndi ku London. Acikulire a m'Matero ndi m'George akali kukumbukira Nkwazi, ndege ya DC-10 imene inafika mu 1984. Koma kampaniyo inagwa ndi ngongole mu December 1994, caka comweco cimene Maepiskopi a mu Africa anasonkhana ku Roma pa Sinodi yao. British Airways nayo inaleka kutera mu Lusaka mu 2013.

Roma sanasunthe, koma ulendo unatalika. Amene adzera ku Addis Ababa amakhala mumlengalenga maola ngati anai, kenaka nkudikira ndege ina imene imatenga maola ena ngati asanu ndi limodzi. Odzera ku Dubai kapena ku Doha amazungulira koposa apa. Tiwerengerenso msewu: Lilanda ali kumadzulo kwa mzinda pamene bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili kum'mawa, ndipo wapaulendo ayenera kufikako kukali maola atatu. Tsiku lathunthu limathera m'njira.

Cotonthoza mtima ncakuti mawoci a kuno ndi a ku Roma sasiyana kwenikweni. Kuyambira kumapeto a March mpaka kumapeto a October nthawi imakhala yofanana. Miyezi yotsalayo Roma amatsalira ndi ola limodzi cabe. Amai akaimba lamya atacoka ku Misa yam'mawa, mwana wao amakhala atadzuka.

Pamene masamu awa amapweteka mpa nthawi ya maliro. Uthenga umafika m'kanthawi kocepa, koma munthu ayenera kupempha cilolezo kwa akulu ake, kufuna ndalama ya tikiti yadzidzidzi, ndi kupeza mpando m'ndege ziwiri. Pakhomo anamalira amakhala akudya, nkhuni zikutha, ndipo acibale ena akufulumiza zopita kumanda a Chingwere. Ife tikuona kuti banja liyenera kukambirana nkhaniyi mwanayo asananyamuke, onse ali moyo: kodi tidzadikira masiku angati, ndipo adzalipira ndani?