Phunziro la tizilombo limakwanira ana onse pamphasa imodzi

Makolo amene amaphunzitsa okha ana pakhomo amalidziwa vutoli. Wina ali ndi zaka 4, wina 9, wamkulu akuyandikira mayeso a Sitandade 8, koma mphunzitsi ndi mmodzi yemweyo. Mabanja ambiri analawa zimenezi mu 2020 pamene sukulu zinatsekedwa m'mwezi wa March kaamba ka Covid-19.

Masamu amafuna kuti mwana aliyense akhale pakepake. Phunziro la tizilombo silitero, ndipo zipangizo zake sizigulidwa. Zili kuseri kwa nyumba.

Poyambira pake ndi kuwerenga miyendo. Pa Chichewa timangoti zonse ndi tizilombo, koma akatswiri amazisiyanitsa. Gulu lalikulu amalitcha arthropods: zamoyo zopanda mafupa mkati, zachikamba cholimba kunja ndi miyendo ya mfundomfundo. M'gululi, chiwala, nyerere, njuchi, ntchentche ndi mphemvu zili ndi miyendo 6 ndipo thupi lake lili m'zigawo zitatu: mutu, chifuwa ndi mimba. Kangaude, chinkhanira ndi nkhupakupa yokhwima zili ndi 8. Nkhanu ili ndi 10, kuwerengera zopanira zake. Bongololo ndiye amatopetsa owerenga.

Apa aliyense ali ndi ntchito. Wamng'ono akuwerenga mokweza, wapakati akujambula, wamkulu akulemba mayina ndi kuika chilichonse m'gulu lake. Kawirikawiri wamkuluyo amagwira bwino phunzirolo akamalongosolera mng'ono wake kusiyana ndi pamene akungomvera.

Chenjezo ndi lakuti chinkhanira, namkalizi ndi mavu si zogwira ndi manja. Wamkulu wa pakhomo ndiye aziike m'botolo, ana azionera kunja.

Koma gawo lopindulitsa banja ndi la kakulidwe ka tizilomboti. Ana ambiri, ngakhalenso akulu, sadziwa kuti timphutsi tovinavina m'madzi a m'chitini kapena m'thayala lakutha ndi ana a udzudzu. Kuwauza pakamwa sikuthandiza kwenikweni. Kutunga madziwo m'botolo, kuvindikira ndi kachidutswa ka neti, n'kumayang'ana m'mawa uliwonse, ndiye kumatsegula maso. Kukamatentha, sipatha sabata ziwiri udzudzu wamapiko usanaoneke m'botolomo. Uphedwe momwemo, usatulutsidwe. Wamkulu alembe masiku, ndipo aphunzire kuti woluma ndi waukazi wokha, komanso kuti malungo amafalitsidwa ndi mtundu wa Anopheles, umene umakonda kuswana m'zithaphwi. Mwana amene waona izi ndi maso ake sadikira kutumidwa kuti akataye madzi odikha pabwalo.

Chimodzimodzi kumunda. Ntchemberezandonda zachilendo, zochokera ku America, zinaoneka koyamba mu Africa mu 2016, ndipo mu December 2017 Pulezidenti wa nthawiyo, Peter Mutharika, analengeza kuti maboma 20 a dziko lino ali pangozi chifukwa cha mbozizi. Mwana wa zaka 9 angathe kuizindikira mboziyi: kumchira ili ndi timadontho tinayi takuda tondandalikana ngati ngodya za bokosi, ndipo pamutu pali chizindikiro chonga Y wozondoka. Ikaikidwa m'botolo momwe muli masamba a chimanga ndi dothi pang'ono, imalowa m'dothimo n'kusanduka chilombo chogona, kenako pamatuluka kagulugufe kotuwa kouluka usiku. Kameneka ndiko kamaikira mazira pamasamba. Ana akawadziwa mazirawo, kuyendera munda m'mawa kumakhala ndi phindu, pakuti kuwatikita ndi chala n'kosavuta kuposa kulimbana ndi mbozi yoti yabisala kale m'nsonga ya chimanga. Za mankhwala opopera, kapena othira m'matumba poteteza chimanga kwa nankafumbwe, n'za akulu okha.

Kholo lisamale kuti ana asamaone chilichonse chokwawa ngati mdani. Njuchi ndi imene imanyamula mungu kuchoka pa duwa lalimuna la dzungu kupita pa lalikazi, lija lokhala ndi kadzungu kunsi kwake. Chiswamphika amadya tizilombo tinzake towononga mbewu.

Ndipo zina ndi ndiwo. Kunyanja anthu amakola nkhungu, kumtunda amatola mphalabungu ndi kugwira ziwala. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zimadzibweretsa zokha pa nyali ya pakhonde. Miyendo ndi 6, mapiko ndi anayi ofanana kutalika, ndipo ana awerenge msanga chiwaya chisanatenthe.