Lamulungu Masana mu Mzinda wa Blantyre

Masiku a munthu wa m'tauni ali ndi eni ake. Kuyambira Lolemba kufikira Lachisanu mwini wake ndi bwana wa kuntchito kapena mphunzitsi wamkulu. Loweruka limathera pa zochapa, kumsika, kuchinkhoswe ndi kuukwati, ndipo Lamulungu m'mawa ambiri amakhala ali ku mapemphero. Chimene chimamtsalira munthu kuti achite nacho monga afunira ndi kachigawo kochepa chabe, kuyambira pamene mbale za nsima ya masana zatsukidwa kufikira dzuwa litabisala kuseri kwa phiri la Michiru. Ndi maola anayi kapena asanu basi. Koma m'maola amenewa ndi m'mene anthu a mu Blantyre akhala akupalana ubwenzi, kuonana ndi mbeta, kutchukitsa oimba ena ndi kugwetsa ena, kotero nkoyenera kuti pa tsamba lino tiwaone bwino maolawa ndi kufunsa kumene anapita.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ulendo wa Lamulungu unali wapansi. Mabasi a UTM analipo, koma ndalama ya basi inali yomweyo yolowera pachipata, tsono wanzeru ankasunga matambala ake nayenda. Popeza kunalibe lamya za m'manja, munthu akafuna mnzake ankamlondola kwawo. Ankafika pakhomo, kuodira, kupereka moni kwa makolo, nayembekeza pakhonde pamene mnzakeyo akusita malaya ndi simbi ya makala. Awiriwo ankadzera wachitatu, wachitatu nkuwatsogolera kwa wachinayi, ndipo pofika pa msewu waukulu anthu a ku Ndirande, Zingwangwa, Chilobwe, Chilomoni ndi Bangwe anali atasanduka mtsinje wolowera ku Chichiri. Kudzerana kumeneku kunali ndi phindu lake: kholo linkadziwa nkhope ya aliyense woyenda ndi mwana wake, ndipo mnyamata amene waloledwa kutenga mlongo wa mnzake paulendo ankadziwa kuti madzulo adzayankha mafunso pakhomo lomwelo.

Ndalama zinali zosonkha. Panjira, pansi pa mtengo, aliyense ankakhuthula m'thumba, wodziwa masamu nkuwerenga. Zikakwana zolowera anthu onse, zotsala zinkagula nzimbe, chimanga chootcha, kapena botolo limodzi la Fanta loti lizungulire anthu atatu. Amene analibe kanthu tsikulo sankafunsidwa chifukwa, pakuti aliyense ankadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ku Chichiri njira zinkagawikana. Ambiri ankalowera ku bwalo la Kamuzu, makamaka tsiku limene Bata Bullets ikukumana ndi Wanderers, timu imene pa nthawi zosiyana inkatchedwa Yamaha kapena Limbe Leaf malinga ndi kampani yoithandiza. Awo anali masiku a Kinnah Phiri ndi Jack Chamangwana, pamene timu ya dziko lino inatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978, nkuchitenganso mu 1979. Panali akuluakulu ena amene ankalowa m'bwalo atanyamula kawailesi, nkumamvera muulutsi akufotokoza mpira umene iwo eni akuuona ndi maso, ngati kuti chigoli sichinalowe kufikira a MBC atavomereza. Ena ankakhota kulowera ku French Cultural Centre, pafupi pomwepo, kumene kunali zisudzo ndi magulu oimba. Kumeneko Du Chisiza Jr., amene anayambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987, ankadzaza bwalo ndi masewero a m'Chingerezi, pamene a Kwathu ankaseketsa ndi kuliza anthu m'Chichewa. John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene dziko lonse linawadziwa monga Izeki ndi Jakobo, anali a m'gulu limeneli.

Tisanamizane kuti masikuwo anali a mtendere wokhawokha. Kuyambira 1968 kunali bungwe la boma lounika mabuku, nyimbo, makanema ndi zisudzo, ndipo sewero silikanaonetsedwa lisanaloledwe. Lamulo la kavalidwe la 1973, limene linathetsedwa mu 1993, linkaletsa amayi kuvala buluku kapena siketi yosabisa maondo, ndipo mnyamata wa tsitsi lalitali kapena wa buluku lotambalala kumapazi ankayenda mocheuka. Komabe chiletsocho chinaphunzitsa oonera kutchera khutu. Wolemba sewero ankabisa nkhani m'mwambi, m'nthano ya Kalulu, kapena m'khalidwe la nyakwawa ya pamudzi wosatchulidwa dzina, ndipo anthu ankaseka pamalo pamene mlendo sakanaona choseketsa. Tanthauzo lake linkamasuliridwa pobwerera, motsitsa mawu, pakati pa okhulupirirana okhaokha.

Kwa ine, chenicheni cha Lamulungu chinali ulendo wobwererawu. Mpira umatha ndi mphindi 90, sewero ndi maola awiri, koma mkangano wake unkayamba pachipata, nukwera chitunda pamodzi ndi eni ake, nukafika m'kalasi kapena kuntchito Lolemba m'mawa. Kodi woimbira mpira anakondera? Kodi mkazi wa m'sewero uja analakwa kuchoka pabanja? Mwana amene m'kalasi sankatsegula pakamwa, panjira ankaima nji pa mfundo yake, kupereka umboni, kutsutsa ndi kutsutsidwa popanda nkhonya. Aphunzitsi a chilankhulo amakhetsa thukuta kuti aphunzitse luso lomweli pa mtsutso wa Lachisanu masana. Msewu unkaliphunzitsa ulere.

Za mpira zikatha, nkhani inkatembenukira ku nyimbo, ndipo apa panalibe wotsalira, chifukwa wailesi ya dziko lino inali imodzi. MBC, imene inayamba mu 1964, ndiyo inkalowa m'nyumba iliyonse. Wailesi yachiwiri ya bungwe lomwelo inadza mu 1997, ndipo ya kanema mu 1999. Nyimbo imene yaimbidwa Loweruka usiku inali itamveka kwa mlonda, kwa kalaliki ndi kwa dokotala yemwe. Mkangano waukulu unali wa za kwathu ndi za kunja. Ophunzira ambiri ankatamanda rumba ya Franco ndi Tabu Ley ya ku Zaire, kapena mawu a Jim Reeves ndi Jimmy Cliff, ndipo banjo ya Alan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo amene ankatsogolera Chimvu River Jazz Band, ankaiyesa ya kumowa wa masese. Ankatero pagulu, koma Namoko akalira pawailesi, phazi la wonyozayo linkagunda pansi lokha. Abale awiri a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, ankaimba gitala ndi chitoliro m'misewu ya Blantyre yomweyi, anthu nkumawaponyera makobiri, kufikira mu 1967 pamene katswiri wa nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawamva nayamba kujambula nyimbo zawo. Patapita zaka zochepa zinamveka ku Ulaya, ndipo apo mpamene ophunzira ena anayamba kutchula dzina la Kachamba ndi ulemu. Khalidwe lodikira mlendo kuti atiuze kukoma kwa ndiwo zathu silinathebe. Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930 ku Chiradzulu, anaimba zaka zankhaninkhani osaona phindu lenileni. Achinyamata anamthamangira mu 2020 ataimba ndi Patience Namadingo, ndipo kutamanda kunakula kwambiri zitamveka kuti nyimbo yake yafalikira maiko akutali pa TikTok.

Tsono maola aja anapita kuti? Sanaphedwe ndi chinthu chimodzi. Mzinda unakula, anthu nkukamanga ku Machinjiri, Lunzu ndi Mpemba, kumene munthu sangayende wapansi kupita ku Chichiri nabwerako kusanade. Ulendo tsopano uli ndi mtengo wa minibasi kapena kabaza, kupita ndi kubwera. Afalansa atachoka pa malo awo aja, mu 2011 akuba anasasula ndi kuwononga za m'katimo, ndipo ngakhale boma linawatenga nkuwatcha Blantyre Cultural Centre, kwa zaka zambiri anakhala osakonzedwa mokwanira. Du Chisiza anamwalira mu 1999, Nyanga mu 2016, Mabedi mu 2021. Nayo ndalama ya kwacha, imene inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, inachititsa kuti botolo la chakumwa likhale chinthu choyamba wachiganizira usanachigule.

Koma chachikulu, m'kuona kwanga, ndi chakuti zosangalatsa zambiri zinasamuka kuchoka masana kupita usiku, kuchoka m'holo kupita kumalo omwera mowa. Woimba sitingamdzudzule: mwini bala ndiye ali ndi malo, magetsi ndi ndalama, ndipo phindu lake lili m'mabotolo, amene amayenda bwino kukada. Komatu dansi yoyamba 9 koloko usiku ndi kutha mbandakucha yasankha kale anthu ake. Mwana wa sukulu sangapiteko. Mtsikana wokhala ndi makolo sangapiteko popanda kunama. Mphunzitsi amene ali ndi kalasi m'mamawa, ndipo safuna kukumana ndi ophunzira ake pamalo otere, amangokhala kunyumba. Pobwerera palibe mkangano wa panjira, poti aliyense akuthamangira galimoto moopa achifwamba. Amene anagwiritsitsa Lamulungu masana ndi oimba nyimbo zauzimu, ndipo taonani m'mene mabanja athunthu amadzazira malo ngati Robin's Park iwo akamakhazikitsa chimbale.

Za mpira wa ku England umene achinyamata amaonera m'tinyumba ta kanema m'makwalala, ine sindili m'gulu la odandaula. Anthu 50 opanikizana pa mabenchi, kukangana za Arsenal ndi Manchester United, akucheza ndithu, ndipo ndalama yolowera ndi yochepa. Chondidetsa nkhawa ndi kapepala ka juga kamene kalowa m'matumba a ambiri. Munthu amene wabetcha saonera mpira pamodzi ndi anzake. Maso ali pa kanema, mtima uli pa lamya, kuwerenga zigoli za masewero ena asanu a m'maiko amene sangawaloze pa mapu. Akaluza amatuluka mwakachetechete, ndipo sangauze munthu kuti ndalamayo inali ya sopo ya amayi ake.

Amene zonsezi zamupweteka koposa ndi wotsiriza sukulu. Mayeso a Fomu 4 akatha, gulu limene linkadyera mbale imodzi limabalalika: mmodzi wasankhidwa kupita ku koleji, wina wapeza ntchito m'sitolo, atatu ali pakhomo kudikira. Poyamba amaitanizana pa WhatsApp. Koma macheza a masiku ano amayamba ndi funso la malo, malo ali ndi mtengo, ndipo mwambo wokhuthula m'thumba pansi pa mtengo unalowedwa m'malo ndi wakuti mmodzi agulire onse. Woguliridwa kawiri katatu amayamba kumva kulemera kwa botolo limene sanalipire. Kachinayi amayankha kuti watanganidwa, chonsecho ali chigonere m'chipinda kuyang'ana zithunzi za anzakewo ali kunyanja. Anzakewo nawo amati wayamba kunyada, nkuleka kumuitana. Palibe amene walakwira mnzake, koma ubwenzi wa zaka zinayi watha, ndipo watha pa nthawi imene mnyamatayo kapena mtsikanayo akuufuna koposa, pakuti mbiri ya kumene akulemba ntchito, ya maphunziro ndi ya geni yoti nkuyamba imayenda pakati pa anthu ocheza. Wodzitsekera m'nyumba imampitirira.

Amene ali pantchito ndiye ali ndi mphamvu yokonza zimenezi, chifukwa wosowa sangayambitse nkhani ya malo otchipa popanda kudziulula. Phiri la Soche silifunsa tikiti kwa gulu lofuna kulikwera. Mpira wa matimu a m'madera umaseweredwa pa mabwalo a sukulu ulere, ndipo bawo silifuna magetsi. Umboni wakuti anthu akali ndi njala ya chisangalalo cha masana uli ku Chileka. Chaka ndi chaka gulu la Black Missionaries limachititsa mwambo wokumbukira Evison Matafale, amene anamwalira mu November 2001 ali m'manja mwa apolisi, pamodzi ndi oimba ena a m'banja lawo amene anatsogola. Polowa salipiritsa, nyimbo zimayamba dzuwa likali m'mwamba, ndipo khamu limene limasonkhana kumeneko, ena pa njinga, ena wapansi, amayi ali ndi ana kumsana, palibe holo mu mzinda muno imene ingalisunge.

Kwa aphunzitsi nkhani ndi ya makiyi. Sukulu zambiri mu mzinda uno zili ndi holo kapena kalasi yaikulu, ndipo Lamulungu masana, mipingo yobwereka malo ikaweruka, zitseko zimakhala zokhoma. Mpikisano wa zisudzo wa bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM, umene unayamba mu 1969, unaonetsa kale kuti ana a sukulu angathe kudzaza holo ndi sewero lawolawo. Du Chisiza yemwe anayambira kumeneko, napambana mu 1982 ali wophunzira pa sukulu ya HHI. Zofunika ndi zochepa: chilolezo cha mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya makolo, aphunzitsi awiri osinthana kuyang'anira, mtengo wa pachipata wosaposa wa mandasi awiri, ndi lamulo lakuti zonse zithe 5 koloko kuti wa kutali akafike kwawo kusanade. Amene anatsiriza sukulu chaka chatha aitanidwe nawo, ndipo aliyense apatsidwe chochita: uyu mbali m'sewero, uyo kulandira ndalama pakhomo, enawo kunyamula mabenchi ndi kuwabweza m'makalasi Lolemba lisanafike.