Tsopano Boneti Ndimatsekula Ndekha

Galimoto yanga ikaima pothirira mafuta, anthu amatembenuka. Ndi Mercedes-Benz 450 SL ya 1978, yofiira ngati tsabola wakupsa, ya mipando iwiri, denga lake lochotseka. Ndinaigula kuno ku Johannesburg nditasunga ndalama kwa zaka zambiri, ndipo inabwera ikutsokomola. Ndinakonza mabuleki, ndinasintha mapaipi a mafuta, penti ndinaipukuta mpaka munthu kumadziona nkhope pachitseko. Koma panali funso limodzi limene linkandiumitsa pakamwa. Anyamata othira mafuta kuno sangakusiye usanawayankhe ngati ayeze oyilo ndi madzi. Ine ndinkayankha msangamsanga kuti ndayeza kale kunyumba. Kuyeza ndinkayezadi, koma chenicheni chinali chakuti sindinkafuna diso la munthu lifike kunsi kwa boneti.

Kunsi kumeneko kunali manyazi anga onse. Boneti ya galimoto imeneyi imakhala ndi chisiponji chachikulu chomatidwa kuchitsulo, chotalika ndi chotambalala pafupifupi ngati boneti yomweyo. Changa chinali chitatha ntchito kalekale. Pakati chinkalendewera ngati mimba ya ng'ombe yokalamba, m'mbali chinali chitang'ambika, pakona ina panangotsala guluu wouma wachikasu. Ukachikhudza ndi chala chinkayoyoka ngati chigumu cha dzana. Ukatseka boneti mwamphamvu pang'ono, fumbi labulauni linkagwera pa injini yoyoyo, n'kukakamira paliponse pamene pali kachinyezi ka oyilo. Ndinkatsuka injini Loweruka, pofika Lachitatu yavalanso gaga. Mwini wake wakale, amene sindinamuonepo, anayesa kuchigwiriza ndi tiwaya tiwiri, ndipo tiwayato tinangochicheka. Akuluakulu sananame za chikomekome cha mkuyu. Kunja galimoto yonyezimira, m'kati nyerere.

Sindikuchida chisiponjicho, chinagwira ntchito yake mokhulupirika. Magalimoto a mtundu uwu, amene amisiri amawatcha R107, anapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1989, ambiri ku Sindelfingen ku Germany, ena n'kulumikizidwa m'dziko lomwelino, ku East London. Ndiye taganizani: siponji yofewa kukhala zaka zoposa 40 pamwamba pa injini ya V8 ya malita 4.5, kuwauka masana, kuzizidwa usiku, kumwa nthunzi ya oyilo tsiku ndi tsiku. Chitsulo chimapirira zimenezo, siponji ayi. Imauma, imataya mphamvu yogwirana, kenako imasanduka ufa. Pamene ili yamoyo imameza phokoso la injini, imaletsa boneti kulira ngati ng'oma, komanso imachepetsa kutentha kofika pa penti ya pamwamba. Ikafa imasanduka chiopsezo, chifukwa chidutswa chouma chonyowa oyilo chikagwera pa mapaipi otentha a ekizozi, moto suchedwa.

Amene anandidzudzula ndi malume anga. Iwo anabwera kuno kale kwambiri kuchokera ku Ntcheu, ndipo moyo wawo wonse akhala akuwongola ndi kupenta magalimoto. Tsiku lina atabwera kudzacheza anakoka okha chotsekulira boneti ine ndisanawaletse. Anayang'ana nthawi yaitali osayankhula.

"Mphwanga," anatero pomaliza, "mkwatibwi wamuveka bwino, koma wamusiya ndi nsabwe m'mutu. Itanitsa china. Ndibwera ndekha kudzakuthandiza."

Chatsopano ndinachiitanitsa kudzera m'sitolo yogulitsa zipangizo za magalimoto akale. Chinafika m'nyengo yozizira, chokulungidwa ngati mphasa. Ine ndinkafuna kuchimata tsiku lomwelo, koma malume anakaniza. Mu June kuno ku Highveld m'mawa kumachita chisanu, ndipo guluu sagwira bwino pachitsulo chozizira. Tinadikira mpaka October, mitengo ya jakaranda itachita maluwa, dzuwa likuwotcha koma mvula ya masana isanakhazikike. Miyezi imeneyo chisiponjicho chinagona chotambasuka pansi pa bedi kuti chiwongoke, ndipo mayi a kunyumba anachilondera ngati mwana kuti mphaka asanolerepo zikhadabo.

Loweruka la ntchito tinadzuka m'mamawa. Injini inagona osalizidwa kuti ikhale yozizira. Tinachotsa waya wa batire, tinakankhira galimoto pakhomo pa garaja pamene mphepo imadutsa, kenako tinaifunditsa injini yonse ndi lona, pamwamba pake mabulangete akale, m'mbali makatoni kuti penti isakandike. Malume anasiya fodya wawo m'nyumba osauzidwa, pakuti mankhwala osungunulira guluu ndi moto ndi adani.

Kupala kunali kokoma modabwitsa. Ndinalowetsa kapulasitiki kopalira pakona, ndipo chisiponji chakale chinagwa chidutswa chachikulu, phwii, fumbi kobo. Mwana wanga wamkazi, amene anagwira makina okoka fumbi, anakuwa ndi chisangalalo ngati tagwetsa mango. Tinapala, tinakoka fumbi, tinapalanso. Chopalira chachitsulo malume anachiletsa, chifukwa ukakanda penti ya kunsi watsegulira dzimbiri khomo, ndipo dzimbiri lobisika pansi pa siponji silioneka mpaka litaboola. Chimene chinatidyera nthawi ndi guluu wakale. Ameneyo anagwira ngati nkhupakupa. Tinkanyowetsa kansanza ndi mankhwala, n'kukasiya pamalopo kamphindi, guluu n'kufewa ngati phula, kenako kupala pang'onopang'ono, manja ali m'mwamba, khosi litapindikira kumbuyo. Maola atatu anatha chonchi, ufa wabulauni uli m'tsitsi ndi m'makutu.

Ndiye kunatulukira chinthu chimene sindinachiyembekezere. Pansi pa guluu wakaleyo panali penti yoyambirira ya galimotoyi, imene sinaonepo dzuwa chichokere kufakitale. Kufiira kwake kunali kozama, kowala, psuu! Ndinaitana aliyense kuti adzaone. Malume anapukutapo ndi chala chachikulu, n'kuseka mpaka dzino lawo lagolide kuonekera.

"Waona? Umu ndi mmene inkaonekera tsiku limene inatuluka. Iwe unali usanabadwe."

Ndinajambula chithunzi malo amenewo ndisanawaphimbe, chifukwa ndinkadziwa kuti ine sindidzawaonanso. Pafupi ndi m'mphepete tinapeza kadontho kamodzi ka dzimbiri, kochepa ngati khobidi. Malume anakakwecha, anapakapo mankhwala ndi penti, tinakasiya kaume tikudya nsima.

Masana inafika nthawi imene mtima umagunda. Guluu wa ntchito imeneyi ndi uja wopaka mbali zonse ziwiri, ndipo ayenera kukhala wopirira kutentha, apo ayi pakatha mwezi umodzi siponji yatsopano idzagwera pa injini. Khalidwe lake n'lakuti mbali ziwirizo zikangokhudzana, zatha, palibe kusuntha. Ukalakwitsa ndi chala chimodzi, udzaona kupendekekako moyo wako wonse. N'chifukwa chake tinayamba tayeza chouma. Tinachikweza, tinachilunjika, tinaika timatepi m'makona ndi pakati ngati zizindikiro, tinachitsitsa. Tinabwereza katatu mpaka aliyense anadziwa pogwira pake. Malume anaphimba m'mphepete mwa boneti ndi nyuzipepala kuti guluu asauluke n'kugwera pa penti yooneka.

Ndinapopera kuchitsulo, kenako kumsana kwa siponji. Siponji imamwa guluu woyamba ngati dothi louma, choncho ndinapoperanso kachiwiri. Kenako kudikira. Mphindi zochepa zimenezo zinatalika. Malume ankakhudza ndi kunsi kwa chala nthawi ndi nthawi, kufuna pamene guluu akunata koma osatsalira pakhungu.

"Tsopano," anatero.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo tsiku limenelo tinasenzadi denga, anthu atatu. Malume kumanzere, ine kumanja, mayi a kunyumba atagwira mbali yakutsogolo kuti isakhudze msanga. Tinayambira kumbuyo, kufupi ndi galasi, tinalunjika pa timatepi tija, kenako pakati panakhudza. Kuchokera pamenepo tinasisita ndi zikhatho kulowera m'mbali, pang'onopang'ono, ngati mayi akuzira nyumba, kuti mpweya usatsekeredwe m'kati. Palibe amene anayankhula. Kona yomaliza itagona malo ake, ndendende pa tepi, mwana wanga anafunsa monong'ona kuti, "Adadi, zatheka?" Ndinalephera kumuyankha, ndinangomunyamula m'mwamba.

Malume anali ndi nzeru ina yotsiriza. Anaunjika mapilo akale pamwamba pa lona, n'kutsitsa boneti mofatsa kuti mapilowo akankhe siponji kuchitsulo usiku wonse. Ine usiku umenewo ndinadzuka kawiri kukasuzumira pazenera la garaja, ngakhale panalibe choti ndione.

Lamulungu m'mawa ndinakweza boneti, ndinachotsa mapilo, mabulangete ndi lona, ndipo ndinabwerera m'mbuyo masitepe awiri. Abale inu! Pamene panali chisanza cholendewera panali denga lakuda bii, losalala, lowongoka kuchokera kona mpaka kona, m'mphepete mwake mukuyenda mzere wofiira wa penti. Ndipo chodabwitsa n'chakuti zinthu zina zonse zinasintha nalo, ngakhale sitinazikhudze. Chivundikiro chozungulira cha sefa ya mpweya chinayamba kuoneka ngati mbale ya alendo. Timapaipi tachitsulo ta mafuta tinanyezimira. Injini yomweyi imene ndinkaibisa inaoneka ngati chinthu choti munthu aimirire n'kumachiyang'ana. Ndinatseka boneti kuti ndimve. Kale inkalira phokoso la chitini chopanda kanthu. Tsopano inangoti khu, mawu amodzi olemera, ndipo nditatsekulanso pa injini panalibe kafumbi ngakhale kamodzi. Ndinatseka ndi kutsekula kasanu, kungofuna kumvanso.

Nditabwezera waya wa batire ndi kuliza injini, khutu linatsimikiza zimene diso linaona. Timaphokoso tating'ono ta pamwamba pa injini, tija tinkamveka ngati makina osokera, tinalowa pansi. Chinatsala ndi mawu akuya a V8, odekha ngati mkango wokhuta. Mpando wachiwiri unali wa malume, palibe anatsutsa. Tinachotsa denga, tinalowera njira ya ku Hartbeespoort, ndipo kwa nthawi yoyamba tinacheza m'galimotomo osakweza mawu. Anandifotokozera za basi imene inawatengera kuno ali mnyamata, ine ndikumva liwu lililonse. Titaima pafupi ndi damu ndinaika chikhatho pa boneti. Inali yofunda, koma dzanja linakhalapo bwinobwino, pamalo pomwe kale ndinkalichotsa msanga.

Pobwerera tinapatukira pothirira mafuta. Mnyamata anathira, anapukuta galasi, kenako anafunsa funso lake lija la oyilo ndi madzi. Asanamalize n'komwe ndinali nditakoka kale chotsekulira, ndipo ndinatsika kukakweza boneti ndekha. Mnyamatayo anaima ndi kansanza kake m'manja, analiza kamluzu, n'kuitana anzake awiri. Bambo wina amene ankathira mafuta mubaki yake anabweranso, anawerama, anafunsa chaka cha galimoto. Malume anatsika mwaulemu wawo wonse, anakonza chipewa, n'kuyamba kuwalozera ndi chala mmene tinayambira kumbuyo kufupi ndi galasi. Magalimoto awiri anali atafola kale kumbuyo kwathu, ndipo oyilo anali asanayezedwebe.