Madzi a ku Kawale Amathera ku Salima

Ambiri a ife tili ndi ana kapena abale amene anachoka kunyanja kukasaka ganyu ndi geni ku Lilongwe. Nyumba za lendi yotsika amazipeza m'mphepete mwa mitsinje ku Kawale, Biwi, Mgona ndi Chinsapo, komwe madzi osefukira amafika msanga.

Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kugumula nyumba ku Mtandire. Mu Disembala chaka chomwecho madzi anapha anthu ndi kukokolola katundu m'madera monga Kawale ndi Chipasula. Mu Januwale 2019 anabwereza, osasiya Biwi.

Kodi chasintha n'chiyani? Kafukufuku anaonetsa kuti pakati pa 1960 ndi 2006 kutentha kwa dziko lino kunakwera ndi pafupifupi digiri imodzi. Mpweya wotentha umanyamula chinyezi chambiri, choncho mvula imakhuthuka yochuluka m'kanthawi kochepa. Mu 2022 akatswiri a World Weather Attribution anapezanso kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvula ya namondwe Ana.

Komatu tisaloze chala mvula yokha. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, imene yadulidwa kwambiri kaamba ka makala ophikira m'tauni, mpaka mu 2015 boma linatumizako asilikali. Nthaka yopanda mitengo siimwa madzi. M'tauni namo ngalande zatsekeka ndi majumbo, ndipo okumba mchenga akugumula magombe.

Nkhaniyi ndi yathunso ife akunyanja. Mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amalowa m'nyanja ku Salima. Matope ochokera kumtunda amakwirira timiyala tomwe mpasa amaikirapo mazira akakwera mtsinje. Makala otchipa m'tauni amalipiridwa ndi msodzi.

Nanga tichitenji? Tiwalangize ana athu kuti asanalipire lendi azifunsa anansi pomwe madzi anafika chaka chatha. Tizimvera pa wailesi machenjezo a nthambi yoona za nyengo. Amayi ayesere mbaula ya Chitetezo, yomwe imadya nkhuni zochepa. Madzi akasefukira, akumwa tiziwathira mankhwala kapena kuwawiritsa, pokumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 imene inapha anthu oposa 1,700.

Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo. Banja lililonse, la ku Area 25 kaya la ku Senga Bay, likonzeretu mbande zake mvula isanagwe, ndipo pakhale munthu wozithirira chilimwe chikafika.